Makina opopera penti: tetezani zitsulo za injini ku dzimbiri

Galimoto zambiri zomwe zili m'misewu yathu zinayamba zagwira ntchito ku Japan kapena ku Britain. M'madera ozizira a mayiko amenewa amathira mchere m'misewu kukagwa chipale, ndipo galimotoyo imadzawolokanso nyanja isanatsike padoko la Dar es Salaam kapena Durban. Musadabwe tsono mukatsegula boneti n'kupeza sampu, mabulaketi ndi mapaipi zitayamba kale kufiira. Chitsulo chimachita dzimbiri chikakumana ndi madzi ndi mpweya, mchere umangofulumizitsa, ndipo matope a m'dzinja lathu amadzamalizitsa. Inu amakaniko, chitsulo chimenechi mungathe kuchipulumutsa m'malo motuma mwini galimoto kukasaka china.

Makina ake

Ali pawiri: kompuresa yomwe imasunga mpweya m'thanki, ndi spray gun yokhala ndi kakapu ka penti pamwamba. Mukakoka chala, mpweya umamwaza penti kukhala nkhungu yomwe imalowa m'makona momwe burashi sifika. Pa zitsulo za injini, thanki ya malita 50 ndi yokwanira. Kabowo kotulukira penti ka mamilimita 1.3 kapena 1.4 ndi ka penti womaliza, pamene primer wolimba amafuna ka 1.8. Spray gun ya mtundu wa HVLP imagwira bwino mpweya ukamalowa pa mphamvu ya pafupifupi 2 bar, ndipo sitaya penti wambiri m'mwamba.

Pansi pa thanki pali kampopi. Katseguleni tsiku lililonse poweruka. Kompuresa imasonkhanitsa madzi mkati, ndipo madziwo akafika mu penti amasiya timatuza.

Ntchito yeniyeni ili pokonza chitsulo

Apa ndi pomwe ambiri amathamangira, ndipo zimamvetsa chisoni kuona penti wodula akusupuka mvula isanathe. Kupopera pamwamba pa dzimbiri n'chimodzimodzi kuzira khoma lomwe mkati mwake muli chiswe.

Masulani chitsulocho pa injini. Chotsani girisi ndi oyilo ndi palafini, koma musalekere pomwepo chifukwa palafini naye amasiya mafuta. Tsukaninso ndi madzi otentha a sopo waufa, n'kuyanika padzuwa mpaka chiumiretu. Kenako palani ndi burashi ya waya yomanga ku grinder, mutavala magalasi, poti timawaya timaduka n'kuuluka. Tsatizani sandipepa wa nambala 80, mumalize ndi wa 180 kapena 240. M'timaenje momwe dzimbiri lakanirira pakani mankhwala okhala ndi phosphoric acid. Mudzaona pofiira paja pakusanduka pakuda, ndiye kuti agwira.

Pomaliza tengani kansalu koyera, mukanyowetse ndi thina, mupukute. Kakatuluka kakuda, bwerezani ndi kena mpaka katuluke koyera. Zikatero musagwirenso ndi manja, thukuta la chala lokha limaletsa penti kumata. Poperani tsiku lomwelo, chifukwa chitsulo chopalidwa chikagona panja chimadzuka chitayambanso kufiira.

Aluminiyamu ndi wosiyana. Sachita dzimbiri lofiira koma amatuluka ufa woyera. Musamupale ndi burashi yomwe yapala chitsulo, ndipo amafuna etch primer kuti penti agwire.

Musanapopere, matani tepi pomwe pamakhala gasiketi, m'mabowo a mabawuti, m'ngalande ya pule momwe mumayenda lamba, ndi pa masensa. Musaiwale pomwe pamamangidwa waya wa earth. Penti akakhala pamenepo magetsi sadutsa bwino, galimoto imavuta kulira, ndipo mwini wake amayamba kukayikira batire losalakwa. Nambala ya injini nayo izioneka, ingadzafunike ku Road Traffic.

Penti wake ndi uti?

Werengani pachitini madigiri omwe pentiyo amapirira. Madzi a mu injini amafika cha m'ma 90°C, choncho pa buloko ndi pachivindikiro cha pamwamba, engine enamel wopirira 260°C ndi wokwanira. Manifold ya ekizosi ndi nkhani ina. Imatha kupitirira 500°C, ndipo imafuna penti wolembedwa 600°C kapena kuposa, yemwe amalimba ndi kutentha komweko. Mukamanga, lizani injini kanthawi, muizimitse izizire, mubwereze monga chitini chikunenera. Red oxide yemwe timapaka pa mafelemu a mawindo ndi wabwino pa mabulaketi, koma pa ekizosi amapsa n'kugwa.

Gwirani spray gun motalikira masentimita 15 mpaka 20, dzanja liziyenda osaima. Poperani mopyapyala kawiri kapena katatu, mukudikira mphindi 10 mpaka 15 pakati. Mukafuna kumaliza kamodzi, penti amayenderera. Nthawi yabwino ndi m'mawa mphepo isanayambe, mutawaza madzi pansi kuti fumbi lisadzuke. Tsiku la mvula kapena la chiperoni, siyani.

Moyo wanu

Thina sachedwa kuyaka. Mbaula, fodya ndi wowotcherera zitsulo zikhale kutali. Penti wa 2K, wosakaniza ndi hardener, ali ndi mankhwala otchedwa isocyanate omwe amayambitsa mphumu yosachiritsika. Kamasiki kansalu sikateteza ngakhale pang'ono. Ngati mulibe masiki yolandira mpweya wabwino kudzera m'paipi, gwiritsani ntchito penti wosafuna hardener, muvale masiki ya mafyuluta a makala, ndipo mupopere pamalo popita mpweya. Anyamata omwe mukuwaphunzitsa ntchito avalenso chimodzimodzi.

Mukamaliza, tsukani spray gun ndi thina nthawi yomweyo, penti asanaume m'kabowo.

Dziwaninso kuti penti amateteza kunja kokha. Mkati mwa buloko, momwe mumayenda madzi, dzimbiri limaletsedwa ndi coolant. Auzeni eni galimoto asiye kuthira madzi a pamjigo okhaokha mu rediyeta, chifukwa ndi amene amabowola ma core plug kuchokera mkati.