Kodi Web 2.0 ndi AJAX ndi chiyani?

Funso: Wowerenga wina wa ku Namitambo, m'boma la Chiradzulu, akufuna kudziwa tanthauzo la mawu awiriwa.

Yankho: Poyamba masamba a pa intaneti ankangowerengedwa basi, ngati chikwangwani cha pamsika. Web 2.0, dzina lomwe Tim O'Reilly analitchukitsa mu 2004, limanena za masamba omwe owerenga amalembapo okha. Mlimi akaika chithunzi cha nandolo wake pa Facebook, ogula a ku Limbe n'kumanenerera mtengo pomwepo, ndiyo Web 2.0 imeneyo. Si pulogalamu yogula ayi, ndipo amalonda ena ankangotchula dzinali pofuna kukopa anthu.

AJAX, dzina lomwe linabwera mu 2005, ndi njira yosinthira kachigawo kokha ka tsamba, monga ndemanga yatsopano ikalowa, popanda kutsegulanso tsamba lonse. Motero bandulo sithera pachabe.