Ng'oma yosamveka pa foni

Mnyamata wina wa m'mbali mwa nyanja ya Amaramba, kumene mtsinje wa Lugenda umayambira, anagulitsa nsomba zouma mpaka anakwanitsa kugula laputopu yakale ku Cuamba. Mnzake anamuikiramo FL Studio, pulogalamu yopangira nyimbo ya kampani ya Image-Line ya ku Belgium, ndipo ukonde anausiyira ang'ono ake.

Chinamutenga mtima ndi 808, ng'oma ija imagunda pansi ngati bingu lakutali. Dzinali linachokera ku makina a Roland TR-808 amene anatuluka ku Japan mu 1980. M'mahedifoni inkamukomera, iye n'kumangoikweza. Ng'oma iliyonse anaithira reverb, mawu ake anawathira echo, pamwamba pake Auto-Tune.

Amalume ake, odziwa ng'oma za manganje, anamvetsera nyimbo ya mnyamatayo kamodzi kokha.

"Mphwanga, nanga ng'oma yaing'ono ili kuti? Ovinatu amatsata imeneyo."

"Amalume, izi n'zamakono. Simungazimvetse."

Nyimbo inayamba kuyenda pa Bluetooth ndi m'mamemori khadi, kuchokera kudoko mpaka kumsika wa ku Insaca. Vuto linatulukira kumeneko. Kugunda kwa 808 kumakhala pansi kwambiri, cha m'ma 50 Hz, ndipo kasipika ka foni n'kochepa, sikatha kukankha mpweya wokwanira kutulutsa mawu otsika choncho. Chikhala kuti anasiyamo tizing'oma tolira pamwamba, bwenzi foni ikutitulutsa bwinobwino, koma iye anali atatimiza mu reverb. Ambiri kumeneko nyimbo amamvera pa foni ndi pa kawailesi, choncho ankangomva mawu obwerezabwereza opanda poponda. Ankaisiya ili pakati.

Iye anati mafoni awo ndi achabechabe, adzaona paukwati.

Paukwati wa msuweni wake anabwereka sipika yaikulu kwa mwini golosale, n'kuyatsa jenereta. Tsopano 808 inamveka, koma inaphimba zonse. Poona kuti mawu a woimba sakumveka, woulutsa nyimbo anakweza voliyumu, n'kukwezanso. Ampu inayamba kukhosomola, chizindikiro chakuti yafika pamapeto, koma mnyamatayo anaumirira kuti ionjezedwe. Sipika inang'ambika akwati asanalowe n'komwe m'bwalo.

Amalume anatuma ana kukatenga ng'oma kunyumba, anaziwamba pamoto, ndipo anthu anavina mpaka usiku. M'mawa mwake mwini golosale anafika ndi mtengo wa sipika yatsopano. Laputopu inagulitsidwa koma ndalama sizinakwane, zotsalazo mnyamatayo akubweza pang'onopang'ono ndi nsomba.