Phunziro la Zamalonda: Katundu Akabwerera Chifukwa cha Keyala Yakale

M'mawodi ambiri a boma lino, malonda sakudikiranso tsiku la msika. Amayi ogulitsa zitenje, achinyamata a nsapato ndi zovala za kaunjika, oweta njuchi ndiponso ogulitsa mpunga amajambula katundu wawo n'kuika zithunzi pa WhatsApp kapena pa Facebook. Wogula amene ali ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Mzuzu amasankha chimene wakonda, amalipira kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, ndipo phukusi limakwezedwa basi, kuperekedwa ku kampani yonyamula katundu kapena ku positi ofesi. Njira imeneyi yatsegulira anthu a kumudzi misika imene kale sankaifika. Koma nthawi zina phukusi limayenda ulendo wonsewo n'kubwereranso kwa mwini malonda, chifukwa wogulayo sakukhalanso pamalo amene analembedwa. Phunziro lino likufotokoza zoyenera kuchita zikatero, kuti ndalama zisatayike ndiponso kuti kukhulupirirana kusathe.

Chitsanzo chongoyerekeza

Mayi wina wogulitsa zitenje walandira uthenga pa Facebook kuchokera kwa mphunzitsi amene anamugulapo katundu chaka chatha. Mphunzitsiyo wasankha zitenje zitatu ndipo watumiza K45,000 ya katundu ndi K5,000 yotumizira. Mayiyo, poona kuti ndi kasitomala wakale, sanafunsenso kanthu. Watsegula kope lake n'kukopera keyala ndi nambala ya foni zimene analemba nthawi ijayi. Sakudziwa kuti mphunzitsiyo anasamutsidwira ku sukulu ya m'boma lina ndipo nambala ijayo anaisiya. Phukusi lakhala pa ofesi ya onyamula katundu masabata awiri popanda wolitenga, kenaka labwerera, ndipo kuti alitenge mayiyo walipiranso K5,000. Mphunzitsi uja ali kutali akuganiza kuti waberedwa. Mayiyo nayenso mtima uli m'mwamba, pakuti mpamba wake ndi ngongole ya ku banki mkhonde, ndipo tsiku lobweza layandikira.

Pankhaniyi palibe wakuba, komatu onse awiri akhoza kuluza ndiponso kudana ngati sayendetsa bwino zinthu.

Chifukwa chake keyala imakalamba msanga

Anthu ambiri m'dziko muno salondolera malo ndi dzina la msewu kapena nambala ya nyumba. Amanena kuti kuseri kwa chigayo, pafupi ndi mjigo, kapena moyang'anizana ndi tchalitchi. Chigayo chikasamuka, keyala nayo yatha ntchito. Anthu ochita lendi m'matauni amasintha nyumba kawirikawiri. Aphunzitsi, anamwino ndi apolisi amasamutsidwa. Ophunzira amachoka pasukulu teremu ikatha. Bokosi la ku positi limatsekedwa mwini wake akasiya kulipira. Koposa zonsezi, nambala ya foni ndiyo yasanduka keyala yeniyeni, chifukwa onyamula katundu amaimbira wolandira kuti abwere kudzatenga phukusi. Foni ikabedwa kapena nambala ikasinthidwa, phukusi limasowa mwini ngakhale munthuyo ali m'tauni momwemo.

Bungwe la MACRA, mogwirizana ndi makhonsolo, lakhala likuyendetsa ntchito yopatsa misewu mayina ndi nyumba manambala. Kumene ntchitoyi yafika, kulondolera malo kumaphweka. Komabe nambala ya nyumba siuza wogulitsa kuti kasitomala wake anasamukamo. Zimenezo zimadziwika pofunsa basi.

Katundu wobwererayo ndi wa yani?

Ili ndilo funso lalikulu, ndipo ambiri amalakwitsa pomwepa. Wogula akalipira, katunduyo asaonedwenso ngati wa pamsika, ngakhale wabwerera m'nyumba ya wogulitsa. Wogulitsa wangokhala msungi. Kugulitsanso zitenje zijazo kwa munthu wina, kwinaku ndalama za mphunzitsi zili m'thumba, ndi kudya pawiri pa katundu mmodzi. Zotere zimaononga dzina la wamalonda, ndipo zikhoza kumufikitsa kubwalo la milandu. Wogulitsa ali ndi njira ziwiri zokha zachilungamo: kufikitsa katunduyo kwa mwini wake, kapena kubweza ndalama mogwirizana naye.

Zoyenera kuchita phukusi likabwerera

Choyamba, wogulitsa afunse onyamula katundu chifukwa chimene phukusi labwerera, ndipo asunge lisiti lotumizira ndi lobwezera. Ajambule phukusilo lisanatsegulidwe, keyala yolembedwapo ikuoneka bwino.

Chachiwiri, adziwitse wogula tsiku lomwelo, kudzera njira imene anagwirizanirana malonda. Asadikire kuti wogula ayambe wadandaula. Uthenga ukhale wolembedwa, waulemu ndiponso womveka: katundu wabwerera pa tsiku lakuti, keyala imene inalembedwa ndi yakuti, ndipo akusungidwa bwino. Kukhala chete ndiko kumachititsa wogula kuganiza kuti wapusitsidwa.

Chachitatu, onse awiri abwerere ku mauthenga awo n'kuona kumene keyala yakaleyo inachokera. Mauthengawa asafufutidwe. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la chaka cha 2016 limavomereza mauthenga otumizidwa pa makina ngati umboni, choncho zimene anthu analemberana pafoni si macheza chabe.

Chachinayi, wogula apatsidwe mwayi wosankha: katundu atumizidwenso ku keyala yatsopano, m'bale wake adzamutengere, kapena abwezeredwe ndalama. Chimene agwirizana chilembedwe mu uthenga, pamodzi ndi tsiku lochitira zimenezo.

Ndani alipire ulendo wachiwiri?

Mkangano umabuka kwambiri pa ndalama yotumizira. Njira yabwino ndi yakuti alipire ndi amene walakwitsa. Ngati wogula yekha anapereka keyala yakale, kapena anasamuka phukusi lili m'njira osanena, n'koyenera kuti alipire ulendo wobwerera ndi wachiwiri. Akasankha kubwezeredwa ndalama, wogulitsa angachotsepo zimene waononga potumiza, koma aonetse malisiti ndipo asawonjezerepo kanthu.

Ngati wogulitsa anangokopera keyala ya m'kope lakale osafunsa, monga anachitira mayi wa zitenje uja, cholakwa ndi chake. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Mayiyo ayenera kutumizanso zitenjezo ndi ndalama zake. Waluza K10,000, ya ulendo wobwerera ndi wachiwiri, koma wasunga kasitomala amene adzagulanso ndiponso kuuza anzake pasukulu yatsopanoyo. Akanati akanirire, akanataya zonse ziwiri.

Palinso nthawi zina pamene onse awiri ali ndi gawo lawo: wogula sananene kuti anasamuka, wogulitsa sanafunse. Zikatero kugawana mtengowo pakati n'kwanzeru kuposa kutha mayunitsi pokangana. Ndipo zikapezeka kuti keyala inali yolondola koma onyamula katundu sanayese n'komwe kuimbira wolandira, wogulitsa apite ndi lisiti lake kukadandaula ku ofesi yawo, pakuti iye ndiye anapangana nawo.

Katundu wosachedwa kuonongeka

Zitenje zikhoza kudikira mwezi wathunthu, koma usipa, tomato, nthochi kapena mbande za mitengo sizidikira. Wogulitsa zinthu zotere achite changu. Aimbe foni, atumize chithunzi cha mmene katunduyo wafikira, ndipo apemphe chilolezo chogulitsa msanga zimene zikadali zabwino kuti ndalama ina ipulumuke. Wogula akapanda kupezeka, n'kwabwino kuitana mboni, monga wapampando wa komiti ya pamsika, kuti aone katunduyo ndi mtengo umene wagulitsidwa. Ogulitsa zinthu zotere ndi bwino azinena poyambirira penipeni kuti phukusi likapanda kutengedwa m'masiku akuti, chidzachitike n'chakuti.

Wogula akasowa

Nthawi zina wogula sayankha konse. Wogulitsa ayese njira zonse: uthenga, foni, ngakhalenso nambala imene ndalama zinachokera, popeza uthenga wotsimikizira malipiro umaonetsa amene watumiza. Alembe m'kope masiku amene wayesera. Kenaka atumize uthenga womaliza wopereka nthawi yokwanira, mwachitsanzo masiku 30, ndi kunena kuti nthawiyo ikadutsa katundu adzagulitsidwa ndipo ndalama zidzabwezedwa atachotsapo zotumizira. Ndalamazo zisadyedwe ndiponso zisalowetsedwe mu mpamba. Mlandu suwola, mwini wake akhoza kutulukira patapita miyezi, mwina anali m'chipatala kapena ku maliro.

Wogulitsa asaike dzina, chithunzi, nambala kapena keyala ya kasitomala pa magulu a WhatsApp kapena pa Facebook pofuna kumusaka kapena kumuchititsa manyazi. Zinthu zimenezi anapatsidwa chifukwa cha malonda okha, ndipo dziko lino lili ndi lamulo la Data Protection Act la chaka cha 2024 loteteza zokhudza munthu payekha.

Chenjezo pa akathyali

Nkhani ya katundu wobwerera imakopanso anthu achinyengo. Munthu angaimbe pa nambala yachilendo, nadzitchula kuti ndi wogula kapena m'bale wake, n'kupempha kuti phukusi lipite kwina kapena ndalama zitumizidwe pa nambala ina. Wogulitsa asafulumire. Keyala yatsopano itsimikizidwe kudzera njira imene malonda anayambira, ndipo woimbayo afunsidwe zimene wogula weniweni yekha angadziwe, monga tsiku lolipira ndi kuchuluka kwa ndalama. Pobweza ndalama, njira yotetezeka ndi kutumiza pa nambala yomwe zinachokera. Wogula nayenso achenjere ndi uthenga wonena kuti phukusi lake lagwidwa ndipo alipire ndalama pa nambala ya munthu wosamudziwa. Ayambe wafunsa wogulitsa. Nambala yachinsinsi ya akaunti ya pafoni isaperekedwe kwa wina aliyense.

Akalephera kumvana

Anthu a m'dera limodzi angathandizidwe ndi komiti ya pamsika kapena mfumu. Wogula amene akuona kuti wamalonda sanamuchitire chilungamo angakadandaule ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission, limene limayang'anira ufulu wa ogula, ndipo nkhani ya ndalama ingathenso kupita kubwalo la majisitireti. Pamene pali umboni wa kuba mwachinyengo, nkhaniyo ndi ya apolisi. Kulikonseko chofunsidwa choyamba ndi malisiti ndi mauthenga.

Kupewa kuposa kuchiza

Vuto lonseli limapewedwa ndi funso limodzi lofunsidwa pa malonda aliwonse, ngakhale kwa kasitomala wa zaka zambiri: kodi katunduyu apite kuti, ndipo alandire ndani? Wogulitsa apemphe dzina lonse la wolandira, malo, chizindikiro cha pafupi ndi nambala ziwiri za foni. Asanamange phukusi atumize zimene walembazo kwa wogula kuti avomereze. Akapereka katundu kwa onyamula, atumize chithunzi cha lisiti ndi tsiku loyembekezera kufika. Pa phukusi alembenso dzina ndi nambala yake, kuti likasowa mwini lidziwe kobwerera. Wogula naye udindo wake ndi kunena akasamuka, kusiya foni yotsegula pa tsiku lolandira, ndi kukatenga katundu msanga.

Mafunso okambirana m'magulu a banki mkhonde ndi m'makomiti a chitukuko

1. Pa chitsanzo cha mayi wa zitenje, kodi chikanasintha n'chiyani mphunzitsi akanakhala kuti ndiye anatumiza keyala yakaleyo?

2. Kodi wogulitsa asunge katundu wa kasitomala wosowa kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo nthawiyo isiyane motani pakati pa zovala ndi zakudya?

3. Ndi zizindikiro ziti za m'wodi muno zimene sizisinthasintha, zoti anthu angazigwiritse ntchito polondolera onyamula katundu?

4. Kodi gulu lingamuthandize bwanji membala amene mpamba wake wa ngongole watsekeredwa mu katundu wobwerera?