Gasiketi Yatsopano, Matenda Akale

Bambo wina amene amanyamula anthu pa Sienta pakati pa Blantyre ndi Chikwawa anapsetsa gasiketi m'mwezi wa October. Galimoto inagona pagalaja. Anamasula hedi, kuika gasiketi yatsopano, kusintha oilo, ndipo ndalama imene inatuluka inali yoti banja likanadyera miyezi ingapo. Tsiku lokaitenga, injini ikulira chiimire, singano ya geji ya kutentha inapitirira pakati pang'ono. Atafunsa, makaniko anati, "Musadandaule bwana, injini ikangomasulidwa kumene imatero. Ingoyendani, ikhazikika yokha."

Anayendadi. Kutsetsereka kupita ku Thabwa kunalibe vuto, poti potsika injini silimbana ndi kanthu. Pobwerera, atadzaza anthu ndi matumba, dzuwa la kuchigwa lili paliwombo, singano inayamba kukwawa pamakhotakhota a chitunda chija. Anaiona. Koma mumtima anati ndalipira dzulodzuloli, sizingatheke. Anapondabe mafuta. Asanafike pamwamba nthunzi inatulukira kuboneti, ndipo ulendo uno hedi inapindika kotheratu.

Makaniko wachiwiri anayamba ndi funso limene woyamba uja sanafunse: kodi gasiketi yoyamba inapsa chifukwa chiyani? Gasiketi nthawi zambiri siipsa yokha, imapsa chifukwa injini inatentha, ndipo chinaitenthetsa chija chikasiyidwa chimadikira gasiketi yatsopano. Atamasula rediyeta anapeza timipata tambiri tatsekeka ndi dzimbiri komanso litsiro la madzi a pamjigo amene bamboyo ankathira zaka zonsezi m'malo mwa coolant. Ntchito yaikulu ija inali ngati kufolera denga latsopano pa mitengo yodyedwa ndi chiswe.

Chomvetsa chisoni n'chakuti kukonza kwenikweniko kumabweretsanso mavuto ake. Lofala kwambiri ndi mpweya wotsekeredwa m'njira za madzi. Injini ikamasulidwa madzi onse amakhetsedwa, ndipo pothira ena mpweya umatsalira m'hedi. Pamene pali mpweya chitsulo sichizizira, ngakhale rediyeta ioneke yodzaza. Kuuchotsa sikufuna ndalama, kumafuna kudekha: injini ili yozizira, tsegulani chivindikiro cha rediyeta, imikani galimoto mutu uli kumtunda, ikani hita potentha penipeni, lizani injini mpaka thovu litasiya kutuluka, uku mukuwonjezera madzi. Hitayo ndi mboni yabwino. Geji ikakwera koma hita n'kumauzira mpweya wozizira, dziwani kuti madzi sakuzungulira bwino kapena achepa.

Pa thermostat ndiye ndili ndi mawu. M'magalaja ambiri kwathu kuno amaichotsa n'kuitaya, ati ndi ya mayiko ozizira ngati Japan. Sizoona. Pa injini ngati ya Sienta kachipangizoka kamatseguka madzi akafika madigiri pafupifupi 82, ndipo pa injini zambiri kakatseguka kamatsekanso njira yachidule imene madzi amabwerera nayo m'injini osadutsa m'rediyeta. Mukakachotsa, madzi ena amangozungulira m'katimo. Kakaikidwa chozondoka, kapena kabowo kake kotulutsira mpweya kakayang'ana pansi m'malo mwa kumwamba, vuto limabadwa tsiku lomwelo. Injini ikatentha koma paipi ya m'munsi ya rediyeta ili zii, muyambe kukayikira pamenepo.

Zina n'zazing'ono: pulagi ya fani yoiwalika osalumikiza, mawaya a fani otembenuzidwa moti ikukankhira mphepo kutsogolo, lamba wokulungidwa molakwika, silikoni wopakidwa mowirikiza amene zidutswa zake zimakatseka rediyeta.

Hedi payokha imafuna ulemu. Ya aluminiyamu ikatentha imapindika mwa njira yoti diso silingaone. Pa injini ngati ya Sienta kupindika kopitirira mamilimita 0.05 n'kokwanira kuti gasiketi isagwire. Iyenera kupita kumakina kukayezedwa, kupalidwa ngati kuli kofunika, ndi kuonedwa ngati ilibe mng'alu. Mabawuti ake amamangidwa motsatira ndondomeko, kuyambira pakati kupita kunja, ndi sipanala yoyeza mphamvu, osati ndi mkono wa mnyamata wojintcha. Funsani poyera kuti, "Achimwene, hediyi inapita kumakina? Mwamanga ndi chiyani?" Makaniko wodziwa ntchito yake sakwiya ndi funso limeneli. Ntchito ya hedi ikalakwika, utsi wa m'silinda umalowa m'madzi: thovu silitha m'rediyeta, mapaipi amauma gwa injini itangolira kumene, madzi amachepa popanda podontha. Alipo mankhwala abuluu oyezera pakamwa pa rediyeta amene amasanduka achikasu utsiwo ukakhalamo.

Nthawi imene galimoto ikutenthera imakulozeraninso koyang'ana. Ikamatentha pamzere wa magalimoto m'tauni n'kuzizira mukathamanga, ganizirani fani. Ikamatentha pachitunda kapena pa liwiro, ganizirani rediyeta, pampu ya madzi kapena gasiketi. Musapeputsenso chivindikiro cha rediyeta. Ku Blantyre, pokhala kumtunda, madzi amawira pa madigiri pafupifupi 97, koma chivindikiro chabwino cha 1.1 bar chimawagwira mpaka cha m'ma 120. Chakutha labala chimawiritsa injini yabwinobwino.

Galimoto ikatuluka pagalaja, musaipatse katundu ndi phiri tsiku loyamba. Ilizeni pomwepo mpaka fani itazungulira n'kusiya kangapo, yendani pafupi, ndipo m'mawa mwake injini ili yozizira onani mlingo wa madzi ndi mtundu wa oilo. Akaoneka ngati tiyi wamkaka, bwererani. Singano ikapitirira malo ake a masiku onse muli pamsewu, patukani, zimitsani. Musatsegule chivindikiro, madzi ake amasupula nkhope, ndipo musathire madzi ozizira m'injini yotentha, hedi ingang'aluke. Dikirani izizire, kenako muitane woikoka.