Njinga yamoto yopanda mapepala ilibe mwini

Nyengo ya misika ikafika, chimanga chitapita ku FRA, soya ndi thonje zitagulidwa, alimi ambiri kuno ku Lundazi amaika ndalama zawo pa njinga yamoto, imene enafe timangoitchula kuti honda ngakhale ikhale Boxer kapena Gatoma. Sitiwadzudzula. Njinga imeneyi imatuta feteleza kuchokera ku boma, imafikitsa tomato ndi repu kumsika zisanafote, imathamangitsira wodwala kuchipatala pakati pa usiku, ndipo m'miyezi imene ntchito ya kumunda yachepa imanyamula anthu n'kubweretsa ya mchere ndi sopo. M'mabanja ambiri, kupatula ng'ombe, palibe chuma china choposa chimenechi. Koma ng'ombe ili ndi mawanga ake, mudzi wonse umaidziwa, ndipo wakuba amayenda nayo pang'onopang'ono. Njinga yamoto imafanana ndi zinzake mazanamazana, ndipo ola limodzi limakwana kuti ifike kumene palibe woidziwa.

Malo amene tikukhala amawonjezera vutoli. Boma lathu lagundana ndi dziko la Malawi. Chipata chodziwika ndi cha Lusuntha, koma aliyense wokulira kwa Mwase akudziwa kuti malire adutsa pakati pa midzi ya pachibale, ndipo tinjira tolowera uku ndi uko sitiwerengeka. Njinga yobedwa madzulo kuno ingathe kukhala ili ku Mzimba kapena ku Kasungu tambala asanalire, monganso yobedwa kumeneko imadzagulitsidwa kuno. Ina imatsika msewu wa ku Chipata, ulendo wa makilomita pafupifupi 180. Ina sipita kutali n'komwe: imaphwasulidwa, injini kwina, mawilo kwina, n'kusanduka zipangizo zogulitsa pamsika. Tisanene kuti akuba ndi a tsidya lina. Mlendo sadziwa chipinda chimene njinga imagona. Amamuuza ndi wapafupi.

Manambala awiri

Njinga iliyonse ili ndi manambala awiri amene anadindidwa pa chitsulo ku fakitale. Yoyamba ndi nambala ya chasisi, imene kawirikawiri imapezeka pakhosi pa njinga, pamene chiwongolero chalumikizana ndi thupi lake. Pa njinga zambiri imakhala ya zilembo ndi manambala 17. Yachiwiri ndi nambala ya injini, yodindidwa m'munsi mwa injiniyo, nthawi zambiri kumanzere, pafupi ndi chosinthira magiya. Fumbi ndi mafuta zimaikwirira, choncho pafunika kansalu kopukutira.

Manambala amenewa ndiwo dzina lenileni la njinga. Nambala ya kumbuyo ija wakuba amaimasula m'kamphindi, thanki amaipaka utoto wina, mpando amausintha. Apolisi akapeza njinga khumi zofiira za mtundu umodzi, sadzafunsa kuti yanu inali yokongola motani. Adzafunsa nambala ya chasisi. Apa ndi pamene eni ake ambiri amagwira pakamwa. Munthu amadziwa bwino kulira kwa injini yake, amaimva ikadali kuseri kwa phiri, koma nambala sanaiyang'anepo chigulireni.

Tonse tinaphunzira kusunga buku la pamunda, mmene timalemba tsiku lobzala, matumba a feteleza ndi zokolola. Manambala awiriwa alembedwe m'buku lomwelo, pa tsamba loyamba, pamodzi ndi mtundu wa njinga, utoto wake, tsiku logula ndi dzina la wogulitsa. Amene ali ndi foni yojambula awajambule n'kutumiza zithunzizo kwa m'bale wokhala kwina, chifukwa foni nayonso imabedwa, nthawi zina usiku womwewo. Ndi nzerunso kuika chizindikiro chanuchanu pa malo obisika, monga pansi pa mpando kapena mkati mwa chotchingira matope. Akuba ozolowera amapala manambala a ku fakitale, koma safufuza chizindikiro chimene sakuchidziwa.

Mapepala

Lamulo la pamsewu la chaka cha 2002, limene linakhazikitsa bungwe la RTSA, limafuna kuti njinga yamoto yoyenda pamsewu ilembetsedwe, ikhale ndi nambala ndi inshuwalansi, ndipo woyendetsa akhale ndi laisensi. Polembetsa mwini amalandira chikalata chimene tonse timachitcha white book, ndipo m'menemo mumalembedwa dzina lake ndi manambala awiri aja. Tikudziwa chifukwa chimene ambiri amazengerezera: ulendo, ndalama, mizere, ndiponso maganizo akuti njinga yongoyenda m'midzi sikumana ndi apolisi apamsewu. Koma kulembetsa sikuthandiza boma lokha. Tsiku limene njinga yasowa, white book ndiyo mboni yokhayo imene siiwala ndiponso siopa munthu. Amene alibe chikalatachi amachita mantha ngakhale kukanena kupolisi, poopa kuti mlandu umutembenukira, ndipo akuba amadziwa zimenezi. N'chifukwa chake amakonda njinga zopanda nambala.

White book isasungidwe pansi pa mpando wa njinga. Kutero ndi kupatsa wakuba mbuzi pamodzi ndi chingwe chake. Yendani ndi kope lake, yeniyeniyo itsale m'nyumba pamodzi ndi malisiti.

Pogula m'sitolo onetsetsani kuti lisiti lili ndi manambala onse awiri, ndipo muwayerekeze ndi a pa chitsulo musanachoke. Njinga yochokera kunja ikhale ndi mapepala a msonkho a ZRA. Pogula kwa munthu pafunika kusamala koposa. Onani white book ndi chitupa chake, muone ngati maina akugwirizana. Lemberanani kalata yogulitsirana pamaso pa mboni, makamaka a nyakwawa, kenaka pitani nonse awiri kupolisi kuti akaone njingayo musanapereke ndalama zonse, ndipo dzina lisinthidwe ku RTSA. Wogulitsa wachilungamo sakana ulendo umenewu. Amene akuti mapepala abwera mawa, kapena akufuna kugulitsa usiku pa theka la mtengo, wakuuzani kale kumene njingayo yachokera.

Tichedwepo pang'ono apa, chifukwa nkhani ya kuba njinga siyambira pa wakuba. Iye saba kuti akwere. Amaba chifukwa akudziwa kuti wogula alipo, ndipo wogulayo kawirikawiri ndi mlimi ngati ife, wa ndalama za soya m'thumba, wokondwa kuti wapeza zotchipa. Malamulo a milandu a dziko lino, pa ndime 281A, amaika chilango cha zaka zosachepera 5 m'ndende kwa woba galimoto koyamba, ndipo zingafike 15. Pa ndime 318, wolandira kapena kusunga katundu akudziwa, kapena ali ndi chifukwa chokhulupirira, kuti ndi wobedwa angamangidwe mpaka zaka 7. Mtengo wotsika mopitirira muyeso ndi nambala yopalidwa ndi zifukwa zimene munthu sangazibise pamaso pa woweruza. Ngakhale wogulayo atapulumuka ndende, njinga imalandidwa n'kubwezedwa kwa mwini wake, ndipo ndalama za chaka chonse zimapita ndi madzi. Malire nawonso sabisa mlandu monga ena amaganizira: kuyambira mu 1995 apolisi a maiko a kumwera kwa Africa, kuphatikizapo Zambia, Malawi ndi Mozambique, ali m'bungwe limodzi la SARPCCO, ndipo imodzi mwa ntchito zake ndi kulondola magalimoto obedwa. Koma zonsezi zimayendera nambala ya chasisi. Popanda iyo palibe chimene angalondole.

Loko ndi unyolo

Loko wa pachiwongolero amene amabwera ndi njinga ndi wofooka. Munthu wamphamvu amauthyola pongopotoza mwamphamvu kamodzi. Kiyi nayonso si chitetezo chachikulu, popeza aliyense wodziwa mawaya angalize injini popanda iyo. Ndipo akuba ambiri a usiku saliza injini n'komwe: amaikankha mwakachetechete mpaka kudambo, n'kukailizira kumeneko. Chofunika ndi kuichititsa kuti isasunthe. Unyolo wokhuthala udutse m'thupi la njinga ndi m'gudumu la kumbuyo, n'kumangidwa ku chinthu chosazuka, monga chitsulo chokwiriridwa ndi simenti. Kumanga gudumu la kutsogolo lokha n'kosathandiza, chifukwa limamasuka ndi sipanala imodzi. Loko asagone pansi, pamene angamenyedwe ndi nyundo mosavuta.

Usiku njinga igone m'nyumba, osati pakhonde kapena m'chigafa cha fodya. Poti ili ndi petulo, ikhale kutali ndi mbaula, ndipo kampopi ka mafuta katsekedwe. Makaniko wodalirika angakuikireni kaswichi kobisika kodula moto, ndipo zimenezi sizidula kwenikweni; chachikulu n'chakuti asadziwe anthu ambiri. Tizipangizo tolondolera njinga pa foni tafika, ndipo timathandiza, koma timadalira netiweki, imene m'madera ena a kuchigwa imasowa, ndiponso timafuna kuti simu yake isathe ndalama.

Masana njinga zimasowa pamene anthu achuluka ndipo maso ali kwina: pamsika, pamaliro, pabwalo la mpira, pamzere wa feteleza, ngakhale panja pa tchalitchi mapemphero ali mkati. Mawu akuti ndingolowa pang'ono aliza anthu ambiri. Pa misonkhano yathu ya alimi sichingavute kuika njinga zonse pamodzi ndi kusankha munthu mmodzi woziyang'anira. Za kubwereketsa tingonena mwachidule: mukapatsa munthu kiyi ndi dzanja lanu, nkhaniyo imavuta kuifotokoza kupolisi, ndipo kiyi imasuliridwa inzake masana amodzi.

Anyamata onyamula anthu ali pa ngozi ina yoposa kutaya njinga. Wokwera wachilendo amabwera kukuda, salimbana pa mtengo, n'kutchula malo a kutchire kumene anzake akudikira. Ulendo wotere ndi woyenera kuukana, kapena kuuza anzanu a pasiteji kumene mukupita wokwerayo akumva. Zikafika poti mwazingidwa ndi anthu a zikwanje, siyani njingayo. Kulanda mwachiwawa chotere ndi mlandu wa zaka zosachepera 15, ndipo ochita zimenezi amadziwa kuti mboni yawaona nkhope. Sachedwa kuvulaza wolimbana nawo.

Ikabedwa

Maola oyamba ndiwo a mtengo wapatali. Ambiri amawataya pofunsafunsa m'mudzi, pokhulupirira kuti wina wangoibwereka, kapena popita kaye kwa sing'anga kukaombeza. Pofika kupolisi mawa lake, njinga ili dziko lina. Nenani nthawi yomweyo ku polisi imene ili pafupi, kapena imbani 991. Pitani ndi white book, chitupa ndi zithunzi. Nkhani yanu ilembedwe m'buku la zochitika limene apolisi amalitcha OB, ndipo musachoke musanalembe nambala yake ndi dzina la wapolisi amene wagwira mlanduwo. Nambala imeneyi ndiyo mudzatchule nthawi iliyonse mukabwera kudzafunsa. Pomwepo uzani a nyakwawa, a chitetezo cha m'mudzi, oyendetsa njinga a m'masiteji oyandikana nawo ndi amakaniko, tumizani zithunzi m'magulu a WhatsApp, ndipo ngati n'kotheka lengezetsani pa Radio Chikaya. Amene ali ndi abale tsidya la malire awaimbire usiku womwewo.

Timamva madandaulo akuti apolisi amachedwa, ndipo sitinganene kuti ndi opanda pake. Dera ndi lalikulu, magalimoto ndi ochepa, ndipo nthawi ya dzinja misewu ina siyendeka. Ngakhale dera lakale la Lundazi linagawidwa mu 2018, Lumezi ndi Chasefu n'kukhala maboma paokha, mitunda ya pakati pa midzi ndi polisi sinafupike. Komabe kuchedwa kwawo si chifukwa choti tisanene. Njinga zina zimapezeka patapita miyezi, pa chotchinga cha pamsewu kapena pogwidwa munthu pa mlandu wina, ndipo imabwerera kwawo ndi ija imene nambala yake inalembedwa m'buku. Kunena mlandu kupolisi sikulipiridwa. Ngati mlandu wanu wangokhala, pemphani mwaulemu kuonana ndi mkulu wa polisiyo. Ngati mwachitiridwa zosayenera, pali bungwe la Police Public Complaints Commission, limene lamulo lake ndi la mu 2016, lomva madandaulo a anthu pa apolisi. Amene amabwera kudzafunsa kawirikawiri, atanyamula nambala yake ya OB, saiwalika msanga.

Chenjeraninso ndi amene amaimba foni mutangolengeza, n'kumati njinga aipeza koma mutumize kaye ndalama. Perekani nambala yawo kwa wapolisi wanu. Mukaiona nokha njinga yanu ili ndi munthu wina, musailande ndipo musaitane gulu. Mwina iyeyo ndi wogula wachitatu, ndipo ndi iye angalozere apolisi kumene inachokera. Gulu likakwiya silifunsa mafunso. Munthu akafa, mwini njinga amasanduka woimbidwa mlandu wakupha, banja lake n'kutaya njinga ndi bambo pamodzi. Njinga ikapezeka ingathe kukhala kaye kupolisi ngati umboni mpaka bwalo litalamula, ndipo mwini wake adzafunika kukaperekera umboni. Ambiri amatopa apa n'kuleka kupita kubwalo, mlandu n'kugwa, wakuba n'kubwerera kumudzi.

Pa za inshuwalansi, ija imene lamulo limakakamiza imalipira anthu ena amene mwawavulaza kapena kuwaonongera katundu; siilipira njinga yanu ikabedwa. Yolipira kuba ndi ina, yokwerera mtengo, ndipo imafuna lipoti la apolisi. Amene anatenga njinga pa ngongole afunse wowakongozayo kuti inshuwalansi yake ndi ya mtundu uti, chifukwa ngongole siitha njinga ikasowa.

Pa tsiku la alimi likubwerali tikupempha aliyense wobwera pa njinga yamoto kuti atenge buku lake la pamunda, kansalu kopukutira ndi mapepala onse amene ali nawo. Tidzayamba ndi kugwada pansi, aliyense pa njinga yake, kuwerenga manambala awiri aja ndi kuwayerekeza ndi a pa pepala. Amene adzapeze kuti sakugwirizana, kapena kuti chitsulo chinapalidwa, tidzakhala naye pansi padera kuti tione za kupita naye kupolisi iye mwini asanafunsidwe pamsewu.