Phunziro 7: Mtsempha wa mu Ubongo Ukaphulika

Cholinga: Pomaliza phunziroli muzitha kufotokoza chifukwa chake mankhwala oletsa kutaya magazi paokha sakwanira.

Nthawi zina mtsempha wa mu ubongo umafooka n'kutupa ngati chubu cha njinga. Ukaphulika, mutu umawawa koopsa mwadzidzidzi, khosi limauma, munthu amasanza, mwinanso kukomoka. Ukhoza kuphulikanso m'maola oyambirira.

Tranexamic acid ndi mankhwala othandiza kuti magazi oundana pabala asasungunuke. Amapulumutsa amayi otaya magazi pobereka. Nanga mu ubongo? M'zaka za m'ma 1980 madokotala anaona kuti kuchucha kwachiwiri kunachepadi, koma mbali zina za ubongo zinkasowa magazi. Kafukufuku wa ULTRA ku Netherlands, wa odwala 955, wofalitsidwa mu 2021, anapeza kuti patatha miyezi 6 olandira mankhwalawa sanachire kuposa anzawo. Chofunika n'kutseka potupapo msanga, pochita opaleshoni kapena polowetsa tiwaya mumtsempha.

Ntchito: Mphunzitsi mnzanu wagwira mutu n'kugwa m'kalasi. Lembani ziganizo zitatu zosavuta zouza ophunzira achikulire chifukwa chothamangira kuchipatala, osadikira kuti panado agwire ntchito.