Musanadandaule kuti Wamatsenga Wakula Mphamvu

Mnyamata wina amene timasewera naye Dungeons & Dragons Loweruka madzulo anabwera tsiku lina nkhope ili gwaa, pepala la mtengambali wake lili m'manja. Anati wamatsenga wa mnzake wakula mphamvu mopitirira muyeso, moti iye, amene amasewera ngati msilikali, wasanduka wonyamula katundu. Ndinamufunsa ngati wawerengera. Anandiyang'ana ngati ndamutukwana. Komatu ana anga, inu amene mwayamba kumene kugwira madayisi, funso limeneli ndimakufunsani nonse, chifukwa nanenso ndinataya zaka ndikuweruza mphamvu ndi maso okha.

Chimene chinamuwopsa mnyamatayo ndi Fireball. Wamatsenga akafika pa levulo 5 amaponya madayisi 8 a mbali zisanu ndi imodzi, ndipo nthawi zambiri zimatuluka pafupifupi 28, kwa mdani aliyense amene waima m'kati mwa motowo. Lupanga lalikulu la msilikali limaponyetsa madayisi awiri okha. Mukayang'ana mapepala awiriwo, mlandu wathera pomwepo. Koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Wamatsengayo angaponye moto umenewu kawiri patsiku, mwina katatu akapumako, ndipo ukatha basi, watsala ndi thupi lofooka la madayisi a moyo a mbali zisanu ndi imodzi. Msilikali pa levulo yomweyo amamenya kawiri pa mpata uliwonse, kuyambira m'mawa mpaka usiku, osafunsa chilolezo kwa wina.

Ndiye musamafunse kukula kwa nambala kokha. Funsani kuti ibwera kangati, ikudya chiyani, ndipo ikalephera mutsala ndi chiyani m'manja.

Apa ndivomere kuti vuto linali langa, osati la wamatsenga. Buku la woyendetsa masewera la m'chaka cha 2014 limayembekezera kuti gulu limenye nkhondo zapakatikati kapena zovuta 6 mpaka 8 patsiku limodzi la ulendo. Ine, monga woyendetsa masewera athu, ndinkawapatsa nkhondo imodzi, kenako n'kuwalola kukagona. Wamatsenga ankakhuthula zonse pa nkhondo imodziyo, n'kudzuka mawa thumba lili lodzaza. Nditayamba kuwayendetsa m'phanga momwe munalibe pogona, pofika nkhondo yachinayi onse anali kubisala kumbuyo kwa msilikali uja. Sindinasinthe lamulo lililonse.

Phunzirani masamu a dayisi ya mbali 20, ndi osavuta kuposa kuwerengera njere pa bawo. Nambala iliyonse pa dayisiyo ndi 5 peresenti. Tengani luso lotchedwa Great Weapon Master monga linalembedwera mu 2014: mumachotsa 5 pa mwayi womenya, n'kuwonjezera 10 pa bala. Achinyamata akamva za 10 ameneyu maso amatuluka. Tiyerekeze kuti lupanga lanu limavulaza 10, ndipo mdani mumamupeza mukaponya 8 kapena kuposa. Mwayi wanu ndi 65 peresenti, kutanthauza bala la 6.5 pa kumenya kulikonse. Mukagwiritsa ntchito lusolo mufunika 13, mwayi watsika kufika 40 peresenti, koma bala ndi 20, choncho mwapeza 8. Mwapindula. Tsopano pabwere mdani wovala zitsulo amene amafuna 14. Popanda luso muli ndi 3.5. Ndi luso mufunika 19, mwayi ndi 10 peresenti yokha, ndipo mwatsala ndi 2. Luso lomwelo, dzanja lomwelo, koma apa ladyetsa ndipo apo lasowetsa. Mu malamulo okonzedwanso a 2024 anachotsamo kusinthanitsa kumeneku.

N'chimodzimodzi ndi mwayi woponya madayisi awiri n'kusankha yaikulu. Pamene mukufuna 11, mwayi umachoka pa 50 kufika pa 75 peresenti. Pamene mukufuna 20 yeniyeni, umangochoka pa 5 kufika pafupifupi 10.

Koma mphamvu imene imagwetsa masewera kawirikawiri siivulaza n'komwe. Ndi ija yolanda mdani mpata wake. Matsenga a Hold Person amaumitsa munthu ngati chitsa, ndipo mkulu wa achifwamba amene mwamukonzera sabata yonse akhoza kufa asanakweze dzanja. Pa pepala palibe nambala yochititsa mantha, n'chifukwa chake ongoyamba amaidumpha.

Palinso mphamvu ya kunja kwa nkhondo, ndipo iyi inandichititsa manyazi. Ndinalola mtsikana wina kusewera ngati aarakocra, anthu a mapiko amene amauluka kuyambira levulo 1. Ndinali nditajambula phompho lalikulu, mlatho wothyoka ndi alonda tsidya lina, ndikuganiza kuti gulu litha ola lonse likukambirana njira. Iye anangoti, "Ndiuluka ndi chingwe." Pa mphindi ziwiri zonse zinatha, ndipo mnzake amene anathera mapoyinti ake pa luso lokwera miyala anangopinda manja n'kuyamba kuyang'ana foni. Mapikowo sanaphe aliyense, koma anadya chakudya cha munthu wina. Usiku umenewo ndinazindikira kuti chimene timachitcha kulingana kwa mphamvu n'chakuti aliyense pa tebulo akhale ndi nthawi imene ena onse akumuyang'ana iye.

Musaganize kuti mkangano umenewu wayamba ndi inu. Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa masewerawa mu 1974, ndipo wamatsenga wa levulo 1 wa nthawi imeneyo ankakhala ndi matsenga amodzi patsiku, kenako n'kumathawa. Akapulumuka n'kukula, ankasiya msilikali kutali. Mu 2008 kampani ya Wizards of the Coast inayesa kuthetsa zimenezi m'mtundu wachinayi wa malamulo popatsa atengambali onse maluso okonzedwa mofanana. Masamu analingana bwino, koma osewera ambiri anati onse akumveka ngati munthu mmodzi, ndipo anasamukira ku Pathfinder ya kampani ya Paizo imene inatuluka mu 2009. Ine mtundu wachinayiwo sindiunyoza, nkhondo zake zinkayenda mwaluso, koma sindingafune tebulo limene wansembe, kazitape ndi msilikali amasiyana mayina okha.

Choncho musathamangire kuletsa luso kapena kulichepetsa chifukwa cha usiku umodzi umene mnzanu anawala. Sewerani katatu, mukulemba pa kapepala amene anathetsa vuto lililonse. Dzina limodzi likamabwerabwera, yambani mwasintha nkhondo ndi malo musanakhudze malamulo. Ndipo masewera akatha, mufunseni uja amene anakhala chete usiku wonse ngati anapeza chochita.